Bwalo la ku madzi oundana: mipando yawonjezeka, koma khomo silinakule

Padoko la mzinda wa Cape Town, kumene ndakhala ndikugwira ntchito kwa zaka zingapo tsopano, pamaima sitima yofiira imene dzina lake ndi S.A. Agulhas II. Anthu ambiri opita kugombeko kukapitidwa mphepo amangoiponya diso n'kudutsa, koma ine ndimaima pamenepo nthawi yaitali, chifukwa ndimadziwa kuti ukafika mwezi wa Disembala, pamene kwathu anthu ali kalikiliki ndi kupalira chimanga, sitima imeneyi imanyamula akatswiri a sayansi, chakudya ndi mafuta n'kulunjika kummwera, ku Antarctica, dziko la madzi oundana limene kukula kwake kumaposa Malawi maulendo opitirira 100. Ndi sitima yomweyi imene mu Malichi 2022 inanyamula gulu limene linapeza chombo cha Endurance, chimene chinamira mu 1915 pa ulendo wa Ernest Shackleton, chili gone pansi pa nyanja ya Weddell pa kuya kwa mamita 3,000. Komabe chimene chimandilemera mumtima ndikaiyang'ana n'chakuti mwa mayiko onse a mu Africa, ndi South Africa yekha amene ali m'pangano lolamulira Antarctica.

Nkhani ya amene adzayendetse nsonga ziwiri za dziko lapansi m'zaka zikubwerazi ikukambidwa kwambiri masiku ano, ndipo okamba ambiri amaiona ngati mpikisano wa pakati pa mayiko amene akhala ndi mphamvu kuyambira kale ndi mayiko amene mphamvu zawo zikukwera, monga China, India ndi Brazil. Ine ndikaiona ndili kuno kummwera kwa Africa, ndimaonamo china chimene okamba aja sachitchula kawirikawiri. Mayiko amphamvu atsopanowa anafika pakhomo akudandaula kuti bwalo la ku madzi oundana ndi la anthu ochepa odzisankha okha, koma atapatsidwa mipando anakhala pansi n'kuyamba kulondera khomo lomwelo pamodzi ndi amene anawapeza. Ndipo popeza mipando yachuluka pamene kagamulidwe ka nkhani ndi kakale komwe kaja, bwaloli layamba kulephera kugamula nkhani zimene sizingadikire.

Nsonga ziwirizi sizifanana ngakhale pang'ono. Kummwera kuli mtunda waukulu wozunguliridwa ndi nyanja, ndipo kulibe mtundu wa anthu umene ungati makolo ake anaikidwa kumeneko. Kumpoto, ku Arctic, kuli nyanja yozunguliridwa ndi mayiko a eni ake, ndipo m'chigawo chimenecho mumakhala anthu pafupifupi 4 miliyoni, ena mwa iwo a mitundu imene yakhala kumeneko zaka zikwizikwi. Ndiyamba ndi kummwera, chifukwa ndi kumene kuli pangano lenileni, ndiponso ndi kumene kumayang'anizana ndi gombe lathu la Africa.

Chisanafike chaka cha 1959, mayiko asanu ndi awiri anali atadzigawira kale zigawo za Antarctica pamapu: Argentina, Australia, Chile, France, New Zealand, Norway ndi Britain. Australia yekha ankati gawo lake ndi pafupifupi magawo 42 pa 100 alionse a dziko lonselo. Zigawo za Britain, Argentina ndi Chile zimalowana, ndipo mkangano wake unafika poti mu 1952, ku Hope Bay, asilikali a Argentina anawombera mfuti pamwamba pa mitu ya gulu la Angerezi limene linkatsitsa katundu pagombe. America ndi Soviet Union sanavomereze gawo la wina aliyense, koma aliyense wa iwo ankati ali nawo ufulu wodzadula lake akadzafuna. Chimene chinaziziritsa mitima ndi ntchito ya sayansi ya zaka za 1957 ndi 1958, pamene akatswiri a mayiko 12 anagwirira ntchito limodzi ku madzi oundanako, ndipo pa 1 Disembala 1959 mayiko 12 omwewo anasaina pangano mumzinda wa Washington, limene linayamba kugwira ntchito mu 1961.

Ndimalilemekeza pangano limeneli, ndipo sindikufuna kuti wowerenga aganize kuti ndikulinyoza. Pakati pa udani waukulu wa America ndi Soviet Union, anthu anakwanitsa kugwirizana kuti kummwera kwa mzere wa madigiri 60 kusamangidwe misasa ya nkhondo, kusaphulitsidwe mabomba a nyukiliya, ndiponso kuti dziko lililonse lokhala ndi mawu pabwalolo lizitha kutumiza anthu ake kukayendera siteshoni ya linzake nthawi ina iliyonse. Nzeru yaikulu ili m'ndime yachinayi, imene sinagamule kuti gawo lakutilakuti ndi la yani, koma inangoti mlandu wa umwini uikidwe padera: amene ali ndi gawo asakakamizidwe kulisiya, amene salivomereza asakakamizidwe kulivomereza, ndipo pasakhale wodula gawo latsopano pamene panganoli likugwira ntchito. Koma tisaiwale kuti tsiku limene ankasaina ku Washington, Dr. Kamuzu Banda anali m'ndende ku Gwelo, dziko lathu linkatchedwa Nyasaland, ndipo mbali yaikulu ya Africa inali isanalandire ufulu wodzilamulira. Dziko la mu Africa limene linakhala nawo patebulopo linali South Africa wa boma la tsankho.

Panganoli linaikanso mtengo wa mpando. Dziko lililonse la m'bungwe la United Nations likhoza kulowa, koma kuti likhale ndi mawu pogamula nkhani liyenera kuonetsa kuti likuchita kafukufuku wa sayansi wooneka ku Antarctica, monga kumanga siteshoni kapena kutumiza gulu la akatswiri. Lero mayiko amene ali m'panganoli ndi opitirira 50, koma okhala ndi mawu ndi 29 okha. Pakamwa mtengowu umatchulidwa kuti ndi sayansi, koma aliyense akudziwa kuti sayansi ya ku madzi oundana imalira sitima, ndege, mafuta ndi ndalama zimene dziko losauka silingazichotse ku zipatala ndi masukulu.

Dandaulo limeneli si lachilendo. India analiyambitsa ku United Nations mu 1956, ndipo mu 1982 nduna yaikulu ya Malaysia, Mahathir Mohamad, inalidzutsanso mwamphamvu, kunena kuti dziko lopanda eni ngati Antarctica liyenera kukhala chuma cha anthu onse a pansi pano, osati cha kagulu ka mayiko ochepa. Kuyambira mu 1983 nkhaniyi inkakambidwa pa msonkhano waukulu wa United Nations, ndipo mayiko ambiri a mu Africa anaichirikiza, ena makamaka chifukwa chonyansidwa ndi kuona boma la tsankho la South Africa likukhala pabwalo limene iwo sankaloledwa kuyankhulapo. Chimene eni bwalo anachita pamenepo n'chofunika kuchimvetsa bwino, chifukwa ndicho chinaumba zimene tikuziona lero. M'chaka chomwecho cha 1983 anapereka mipando yokhala ndi mawu kwa India ndi Brazil, ndipo mu 1985 anapereka wina kwa China. Mayiko atatu amene akanatsogolera gulu la osauka pa dandaulo limeneli analowa m'nyumba, ndipo mfuu ya kunja inayamba kuzilala pang'onopang'ono mpaka kukambirana kwa ku United Nations kunatha mu 2005. Malaysia mwini wake analowa m'panganoli mu 2011.

Sindikuwadzudzula mayiko atatuwa chifukwa cholandira mipando, pakuti dziko lililonse likanatero. Ndikungofuna kuti tione kuti kukwera kwa mphamvu za mayiko a kummwera ndi kum'mawa si kumene kungatsegulire khomo ife tonse, monga mmene ena amalonjezera pa misonkhano.

Atalowa sanakhale manja lende. India anamanga siteshoni ya Dakshin Gangotri, kenako Maitri mu 1989 ndi Bharati mu 2012, ndipo mu 2024 anachititsa msonkhano wa pachaka wa panganoli mumzinda wa Kochi. Siteshoni ya Brazil yotchedwa Comandante Ferraz itapsa ndi moto mu 2012, inamangidwanso ndi kampani ya ku China n'kutsegulidwa mu 2020. China ndiye wathamanga kuposa onse: anayamba ndi Great Wall mu 1985, kenako Zhongshan mu 1989, Kunlun mu 2009 pamalo okwera mamita opitirira 4,000 m'katikati mwa dzikolo, Taishan mu 2014, ndipo mu Febuluwale 2024 anatsegula siteshoni yachisanu ya Qinling m'mbali mwa nyanja ya Ross. Sitima yake yoyamba yoswa madzi oundana anachita kugula ku Ukraine mu 1993, koma yachiwiri, Xuelong 2, inamangidwa kwawo komweko n'kuyamba ntchito mu 2019. Manyuzipepala a ku America ndi ku Australia amalemba za masiteshoniwa mwamantha, kuti zipangizo zolumikizana ndi masetilaiti zikhoza kugwiritsidwanso ntchito pa zankhondo. Nkhawayo ili ndi maziko, koma imakhudza masiteshoni a mayiko ambiri, osati a China yekha, ndipo m'poyenera kukumbukira kuti America ndiye amene ali ndi siteshoni pansonga penipeni pa kummwera kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndiponso kuti akuluakulu a America atakayendera malo a Qinling mu 2020 akumangidwa, sanapezeko zida za nkhondo. Mankhwala a kukayikirana kotereku ali kale m'pangano, ndiko kuyenderana, koma mayiko sachita kawirikawiri chifukwa ulendo wake ndi wokwera mtengo.

Vuto lenileni ndimaliona m'nyanja, pa kanyama kakang'ono kooneka ngati kankhanu kotchedwa krill. Kanyamaka n'kotalika ngati chala chaching'ono, koma ndi chakudya cha anangumi, akatumbu a m'nyanja ndi mbalame za penguin, ndipo anthu amakakola kuti apangire chakudya cha nsomba zoweta ndi mafuta amene amagulitsidwa ngati opatsa thanzi. Usodzi wake umayang'aniridwa ndi bungwe la CCAMLR, limene pangano lake linasainidwa mu 1980 ndipo likulu lake lili ku Hobart, ku Australia. Bungweli lili ndi mamembala 27, kuphatikizapo European Union, ndipo a mu Africa ndi awiri okha, South Africa ndi Namibia. Lamulo lake n'lakuti nkhani yaikulu singadutse pokhapokha onse atavomereza, kutanthauza kuti mmodzi akangoti ayi, zonse zaima.

Mu 2016 bungweli linachita chinthu chachikulu pogwirizana kuti dera la nyanja ya Ross, la masikweya kilomita pafupifupi 1.5 miliyoni, litetezedwe kwa zaka 35, ndipo zinatheka patatha zaka zingapo za kunyengerera China ndi Russia. Kuyambira pamenepo palibe dera lina limene latetezedwa. Chaka ndi chaka amabweretsa mapulani a madera atatu, la kum'mawa kwa Antarctica, la nyanja ya Weddell ndi la m'mbali mwa ndomo ya mtunda yoyang'anizana ndi South America, ndipo chaka ndi chaka China ndi Russia amakana. Mu 2022, pa msonkhano wa pangano la Antarctica, China anakananso kuti mbalame za emperor penguin zipatsidwe chitetezo chapadera, ngakhale kuti madzi oundana amene zimaswerapo akusungunuka msanga. Choopsa kwambiri chinachitika mu 2024, pamene mamembala a CCAMLR analephera kugwirizana zopitiriza lamulo limene linkakakamiza sitima zausodzi kumwazikana m'madera osiyanasiyana m'malo mounjikana pamalo amodzi pamene nyama zimadyera. Chaka chotsatira, mu 2025, asodzi anafika pa malire ololedwa a matani 620,000 a krill kwa nthawi yoyamba m'mbiri, ndipo usodziwo unatsekedwa mu Ogasiti nyengo yake isanathe.

Chilungamo chimafuna kuti timvenso mbali ya China. Iwo amati pangano la 1980 limalola kugwiritsa ntchito zam'nyanja mwanzeru, ndipo amafuna umboni wokwanira wa sayansi dera lisanatsekedwe. Palinso china chimene wobwera mochedwa aliyense angachione: madera amene akufuna kutetezedwa amawabweretsa pabwalo ndi mayiko ngati Australia, France, Argentina ndi Chile, ndipo amakhala pafupi ndi zigawo zimene mayiko omwewo amati ndi zawo, kotero kuti mlendo amakayikira ngati kuteteza chilengedweko si njira ina yokhomera zikhomo za malire. Ndiponso dziko limene limakola krill wambiri kuposa onse si China ayi, koma Norway. Zonsezi ndimazimva, komabe sindingavomereze kuti kukayikirana kwa maboma kulipiridwe ndi anangumi amene angoyamba kumene kuchulukanso pambuyo pophedwa mwankhanza m'zaka za m'ma 1900. Aliyense amene anakulira kufupi ndi nyanja yathu amadziwa za chilumba cha Mbenji ku Salima, kumene mfumu Makanjira imatseka usodzi nyengo ya mvula kuti nsomba ziswane, ndipo mwambowu wakhala zaka zambiri chifukwa pali mawu amodzi amene akati nyanja yatsekedwa, ngalawa zimabwerera kumtunda. Ku Hobart kulibe mawu otero, ndipo msodzi aliyense ali ndi mphamvu yoletsa kutsekako.

Nkhondo ya ku Ukraine yawonjezera chiphe m'chitsime. Russia ndi Ukraine onse ali ndi mawu pabwalo la Antarctica, ndipo kuyambira mu 2022 pempho la Canada loti lipatsidwe mpando wokhala ndi mawu lakhala likukanika, chimodzimodzinso la Belarus, bwenzi la Russia, chifukwa mbali iliyonse ikutsekereza bwenzi la inzake. Pamenepo m'pamene zimaonekera poyera kuti mtengo wa mpando si sayansi yokha. Nkhani ya alendo okaona malo, amene tsopano amapitirira 100,000 pa nyengo imodzi, ikudikirabe malamulo omanga onse.

Kumpoto zinthu zinayenda njira ina. Kulibe pangano limodzi lolamulira Arctic, ndipo mu 2008 mayiko asanu a m'mphepete mwa nyanjayo, America, Canada, Denmark, Norway ndi Russia, anakumana ku Ilulissat, ku Greenland, n'kulengeza kuti pangano lotero silikufunika chifukwa malamulo a panyanja a United Nations ndi okwanira. Anatero chisanathe chaka chimodzi kuchokera pamene gulu la Russia linazika mbendera pansi pa nyanja pansonga penipeni pa kumpoto, ndipo mpaka lero Russia, Denmark ndi Canada aliyense amati mtandadza wa mapiri a pansi pa nyanja wotchedwa Lomonosov ndi wolumikizana ndi mtunda wake. Bwalo limene lilipo ndi Arctic Council, limene linakhazikitsidwa ku Ottawa mu 1996 ndi mayiko asanu ndi atatu, asanu aja pamodzi ndi Finland, Iceland ndi Sweden, ndipo silikamba za nkhondo. Chimene ndimachikonda pa bwalo limeneli n'chakuti mabungwe asanu ndi limodzi a mitundu ya eni nthaka, monga a Inuit ndi a Saami, amakhala patebulo lomwelo ndi maboma ndipo amayankhula pa nkhani iliyonse. China, India, Japan, South Korea, Singapore ndi Italy ataloledwa kulowa mu 2013 ku Kiruna, anapatsidwa malo a ongoonerera, atavomereza kaye kuti umwini wa chigawocho ndi wa mayiko asanu ndi atatu aja. Woimira anthu oweta mphalapala za kumpoto amakhala kutsogolo, ndipo woimira dziko la anthu opitirira biliyoni imodzi amakhala kumbuyo kwake.

China sanakhutire ndi mpando wa kumbuyo. Mu Januwale 2018 boma lake linatulutsa chikalata chodzitcha dziko loyandikana ndi Arctic, ndipo linakamba za njira ya malonda yodutsa kumpoto kwa Russia, imene imafupikitsa ulendo wa sitima pakati pa kum'mawa kwa Asia ndi kumpoto kwa Ulaya ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu poyerekeza ndi wodzera pa ngalande ya Suez, ku Egypt. Makampani a China ali ndi magawo pafupifupi 30 pa 100 alionse mu ntchito yaikulu ya gasi ya Yamal, ku Siberia. China ali ndi siteshoni ya kafukufuku pa zilumba za Svalbard, za dziko la Norway, kuyambira mu 2004, ndipo India anatsegula yake kumeneko mu 2008 n'kutulutsa ndondomeko yake ya za Arctic mu 2022. Mu Meyi 2019, ku Rovaniemi, m'dziko la Finland, nduna ya zakunja ya America, Mike Pompeo, inayankha China poyera kuti pali mayiko a ku Arctic ndi mayiko amene si a ku Arctic, ndipo gulu lachitatu palibe. Msonkhano wa Arctic Council umene unachitikira kumeneko unatha popanda chikalata cha onse kwa nthawi yoyamba, chifukwa America sanafune kuti mawu onena za kusintha kwa nyengo alembedwemo, ngakhale kuti chigawo chimenechi chikutentha mofulumira pafupifupi kanayi kuposa dziko lonse lapansi.

Kenako mu Malichi 2022 mayiko asanu ndi awiri anaimitsa kugwira ntchito ndi Russia, amene panthawiyo ndiye anali wapampando. Finland analowa m'bungwe la zankhondo la mayiko a kumadzulo la NATO mu 2023, Sweden mu 2024, kotero kuti lero bwaloli lili ndi mamembala asanu ndi awiri a NATO mbali imodzi, ndi Russia, mwini wa pafupifupi theka la gombe lonse la Arctic, mbali ina. Norway atatenga upampando mu 2023 anayesetsa kuti magulu a akatswiri ayambirenso kukambirana, ndipo bwalolo silinafe, koma likupuma movutikira. Russia wotsekeredwa kumadzulo watembenukira kwa China pofuna ndalama ndi misika, ndipo mu Julayi 2024 ndege za nkhondo za mayiko awiriwa zinauluka limodzi kufupi ndi Alaska. Khomo limene China analephera kulitsegula ndi chikalata cha 2018 latsegulidwa ndi nkhondo ya ena.

Kungakhale kulakwa kuloza chala kum'mawa kokha. Pulezidenti Donald Trump ananena mu 2019 kuti akufuna kugula Greenland, ndipo mu 2025 anabwerezanso, osafuna n'komwe kulonjeza kuti sadzagwiritsa ntchito mphamvu. Greenland ndi kwawo kwa anthu pafupifupi 57,000, ambiri a iwo a mtundu wa Inuit, ndipo lamulo la 2009 limawapatsa ufulu wosankha okha kudziimira paokha. Munthu wa mu Africa akamva atsogoleri akukamba za dziko la eni ake ngati munda wogulitsa, sangalephere kukumbukira msonkhano wa ku Berlin wa 1884 ndi 1885, wokambirana zogawana Africa. N'chifukwa chake ndinasangalala kuti ufumu wa Denmark utatenga upampando wa Arctic Council mu 2025, amene anatsogolera anali nduna ya zakunja ya Greenland, Vivian Motzfeldt.

Pali chinthu chimodzi cha kumpoto chimene chimandipatsa chiyembekezo. Mu 2018 mbali khumi zinasaina pangano loletsa usodzi wamalonda pakatikati pa nyanja ya Arctic, pamalo pamene si pa dziko lililonse, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2021 kwa zaka 16. Anasaina ndi mayiko asanu a m'mphepete aja pamodzi ndi China, Japan, South Korea, Iceland ndi European Union, onse ali ndi mawu ofanana, ndipo anatseka nyanjayo msodzi ngakhale mmodzi asanaponyemo khoka. China yemweyo amene amakana ku Hobart anavomera pangano la kumpotoli. Chifukwa china n'choti kunalibe phindu limene wina ankaluza tsiku losainalo, koma ndimakhulupiriranso kuti dziko limasunga mosavuta lamulo limene linakhala nawo polemba kusiyana ndi lamulo limene linalipeza litalembedwa kale ndi ena. Ngati zili choncho kwa China, zili chonchonso kwa ife.

Mwina wina afunsa kuti munthu wa ku Ntcheu kapena ku Chipata zimenezi zikumukhudza bwanji. Madzi oundana a ku Greenland atasungunuka onse, nyanja zamchere zikhoza kukwera ndi mamita pafupifupi 7, ndipo a ku Antarctica ndi mamita pafupifupi 58. Zimenezo sizingachitike m'moyo wathu, koma sipafunika mamita ambiri kuti mzinda wa Beira, umene uli pamalo otsika kwambiri ndipo unasakazidwa ndi namondwe wa Idai mu Malichi 2019, ulowe m'mavuto osatha, ndipo Beira ndi limodzi mwa madoko amene mafuta ndi feteleza wathu amadzera. Nyanja yozungulira Antarctica imameza gawo lalikulu la kutentha ndi mpweya woipa umene mafakitale a dziko lapansi amatulutsa. Gasi ndi mafuta amene akukumbidwa ku Arctic akatenthedwa, utsi wake sufunsa kuti mvula ya ku Nsanje ndi ya dziko la mpando kapena lopanda mpando.

Nkhani ya migodi ndiyo ikutipatsa chifukwa chogwirika cholowera. Mu 1988 mayiko a m'pangano anagwirizana ku Wellington, m'dziko la New Zealand, za malamulo olola kukumba miyala ndi mafuta ku Antarctica, koma Australia ndi France anasintha maganizo n'kukana kusaina, ndipo m'malo mwake mu 1991 kunabadwa pangano la ku Madrid loteteza chilengedwe, limene linayamba kugwira ntchito mu 1998 ndipo limaletsa migodi yamtundu uliwonse kupatula kafukufuku wa sayansi. Mawu akuti kafukufuku ndi otambasuka, ndipo kuno ku Cape Town anthu anachitapo zionetsero mu 2023 pokwiya ndi sitima ya Russia yotchedwa Akademik Alexander Karpinsky, imene inkadzera padoko lino popita kukayeza miyala ya pansi pa nyanja ya kummwera. Anthu ambiri amalemba kuti chiletsochi chidzatha mu 2048, koma si zoona. Chimene chidzachitike chaka chimenecho n'chakuti dziko lililonse lokhala ndi mawu lidzakhala ndi ufulu woitanitsa msonkhano wounikanso panganoli, ndipo chiletso sichingachotsedwe popanda malamulo ena omanga onse olowa m'malo mwake. Mng'alu woopsa uli pa ndime ina, imene imati kusintha kukavomerezedwa pa msonkhanowo koma osayamba kugwira ntchito pa zaka zitatu, dziko lililonse likhoza kulengeza kuti likutuluka m'panganolo, ndipo pakatha zaka zina ziwiri limakhala lomasuka.

Choncho chofunika kwambiri n'chakuti kusintha kotero kusadzavomerezedwe n'komwe, ndipo apa m'pamene ndime ya 25 ya pangano la ku Madrid imatchula chinthu chimene maboma athu ayenera kuchiwerenga mofatsa. Kuti kusintha kudutse pa msonkhano wounikawo, pamafunika mayiko atatu mwa anayi alionse amene anali ndi mawu mu 1991, komanso pamafunika kuti avomereze oposa theka la mayiko onse amene ali m'pangano la ku Madrid, kuphatikizapo amene alibe siteshoni kapena sitima. Kulowa sikulira kumanga nyumba pa madzi oundana. Dziko limapereka chikalata chake ku boma la America, limene limasunga pangano la 1959, kenako limalowanso la ku Madrid, ndipo kuyambira pamenepo limakhala nawo pa misonkhano ya pachaka ndiponso limakhala membala wa komiti yoona za chilengedwe. Ndikanakonda kuona Malawi, Zambia ndi Mozambique akuchita zimenezi pamodzi kudzera mu SADC, n'kupempha South Africa kuti pa ulendo uliwonse wa sitima yofiira ija pazikhala malo a ophunzira awiri kapena atatu ochokera ku mayunivesite athu, kuti pofika 2048 tidzakhale ndi anthu amene madzi oundanawo anawapondapo ndi mapazi awo, ndiponso mavoti amene adzawerengedwe pa theka lija.